Pulagi Yomaliza

Inali cha m'ma folo koloko madzulo, mvula ikuwaza, pamene njinga yamoto inatizimira pakati pa chitunda chamatope, kutali ndi nyumba za anthu. Mlamu wanga, mlongo wake wa malemu mkazi wanga, anatsika n'kugwira chiwongolero.

"Ndi pulagi imeneyo, alamu. Musandiuze kuti simunatenge ina, tingagone ndi afisi kuno."

Ndinatsegula thumba la zida. Masipanala, pampu, chubu ndi zigamba, zonse zinalimo. Pansi penipeni panali pulagi yatsopano, yokulungidwa m'kansalu kobiriwira. Mkazi wanga ndiye ankandilongedzera thumbali, ndipo kanthu kalikonse ankakakulunga n'kumanga mfundo ziwiri. Zina zonse ndinali nditamasula kale. Zinatsala izi zokha.

"Masulanitu, kukuda."

"Anamanga ndi alongo anu," ndinatero.

Mlamu anavula jekete lake n'kulitambasula pamwamba pa manja anga, mvula ikumumenya pamsana.

Ndinatenga mpeni n'kucheka kansaluko cham'mbali, mfundo osazikhudza, kenako ndinakaika m'thumba la malaya.

"Ndipatseni sipanala ya pulagi," ndinatero, n'kugwada m'matopemo.