Msana wa Nasibeko

Lamulo la ukwati linkati mwamuna ndi mkazi azisinthana kamvedwe ka gawo limodzi la thupi, kuti chokhudza wina chizimveka mu ubongo wa mnzake. A Likongwe, munthu wofunsafunsa, anamva kuchipatala kuti milomo ndi zala zili ndi malo aakulu mu ubongo, koma msana uli ndi kamalo kochepa chabe. Anasankha msana.

Poyamba zinkayenda bwino. Udzudzu ukawaluma kumsana, womva kuyabwa anali mkazi wawo, Nasibeko.

Kenaka kunabadwa mwana wawo Tiyamike, nayamba kuberekedwa kumsana kwa Nasibeko. A Likongwe ali pa bawo ankangomva chinthu chofunda chikutsetsereka kumsana, n'kudzambatuka, koma malaya ali ouma. Anzawo anawatcha a Thewera, ndipo dzinalo linayamba kufika ndi kumsika komwe.

Tsiku lina anabwerera kunyumba ataliganizira bwino.

"Nasibeko, kuyambira lero mwanayu ndizimubereka ine."

"Chikondi chotere mwachiyamba liti, bambo a Tiya?"

"Mwana ndi wa tonse," anatero, mumtima akudziwa kuti zonse zizikamveka kwa mkaziyo.

Nasibeko anawamangirira mwana ndi chitenje, iwo n'kuuyamba wa ku bawo monyadira. Asanatuluke pachipata, Nasibeko anamva kufunda kuja kukutsika kumsana, kenaka china cholemererapo. Anayang'ana malaya oyera a mwamuna wake, anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

"Mumati chiyani?" anafunsa a Likongwe atacheuka.

"Ndimati mukasewere bwino. Musafulumire kubwera."