Katswiri wa Zisatayike

Foni inaliranso, ndipo Karima anadzambatuka pamkeka ngati walumidwa ndi linthumbu.

"Onani, madamu! Wina watenganso!"

Mayi Bernadette, mlendo wochokera ku bungwe lina la ku Lilongwe lothandiza achinyamata aluso, anasuzumira pafonipo n'kugwedeza mutu mokhutira. Anabwera kwa Maganga kudzadzionera okha ngati apu ya pafoni imene Karima anapanga ikugwiradi ntchito. Ikawasangalatsa, bungwelo liitenga n'kuifalitsa m'boma lonse la Salima. Ikapanda kutero, Karima abwerera kukabenchi ka mlongo wake kukagulitsa mayunitsi, ntchito imene ankadana nayo ndi mtima wake wonse.

Apuyo anaitcha Zisatayike, ndipo inali yosavuta. Chakudya chikatsala pakhomo, mayi amachijambula n'kuika chithunzi pafoni. Wanjala amene ali pafupi amadina batani, n'kunyamula kontena kukatenga. Nzeruyi inamubwerera Karima atatopa ndi kuona mpunga wabwinobwino ukusasa m'miphika. Kunyanja kumatentha, ndiwo zam'mawa sizidikira madzulo.

Masiku oyamba kunali zii. Palibe mayi ndi mmodzi yemwe amene anaikapo kanthu, moti Karima anafika poganiza kuti mwina netiweki yamulodza. Kenako azakhali ake, Abiti Omari, anaika chithunzi cha usipa wotendera. Mawa lake aneba awo anaika futali wa chinangwa. Basi, chinali chiyambi cha chipwirikiti. Asodzi osakwatira ankati akangokocheza bwato, maso pafoni. Anyamata a kabaza anayamba kunenepa masaya. Karima naye ankayenda akumwetulira yekha mumsewu, mpaka amayi a kumadrasa anayamba kunong'onezana kuti mwanayu wapeza mwamuna.

Lero Karima sanamutengere mlendoyo kwina kulikonse koma pakhonde pa azakhali akewo. Pa apu yonse panalibe wopulumutsa chakudya chambiri kuposa Abiti Omari.

"Kunena zoona, zoterezi sindinazionepo," anatero Mayi Bernadette akuseweretsa chala pazithunzi. "Ku Lilongwe tinayesapo, anthu ankaika mafupa ndi zopsereza. Koma kuno! Chambo chathunthu ichi?"

"Anthu akuno ndi amtima, madamu," anayankha Karima, chifuwa chili m'mwamba.

Mtima wake unali utafika kale ku Khombedza, ukutsegula ofesi. Anadziona ali pampando wozungulira, fani ikumupepesera, mlongo wake uja akugogoda kaye asanalowe. Anafuna kuvina pomwepo, koma anadzigwira. Munthu wodzakhala bwana savina pamaso pa alendo.

"Chatsala n'chimodzi chokha," anatero mlendoyo. "Ndione ndi maso anga mmene mayiwa amachitira. Ndikaona, ine ndakhutira."

Karima anaitana mokweza, mawu odzaza ndi chimwemwe. "Azakhali! Alendo akuti muwaonetse!"

Abiti Omari anatuluka m'khitchini atatchena mpango wa pa Idi, thukuta lili kamukamu. M'manja ananyamula mbale yamaluwa, ija imatuluka pakabwera ashehe pokha. Anaikhazika patebulo, n'kuvundukula. Fungo la mpunga wa ku Chinguluwe linadzaza khonde lonse, pambali pake chambo chokazinga chitagona mu tomato. Anapukuta m'mphepete mwa mbale ndi kansalu, anaisunthira powala, anabwerera m'mbuyo pang'ono, kenako anajambula mwaukatswiri. Asanaike n'komwe foni pansi, inalira. Wina anali atadina kale.

Mayi Bernadette anaomba m'manja. Karima misozi inalengeza m'maso. Anali wokondwa kuposa tsiku limene anakhoza mayeso a fomu folo.

"Zikomo kwambiri, mayi," anatero mlendoyo. "Ndiye zonsezi zikanatayidwa? Zatsala pa chakudya cha liti?"

Abiti Omari anagwira pachifuwa.

"Zotsala? Asitaghafirula! Ine ndipatse mwana wa mnzanga makombo, mudzi wonse ukuona pafoni kuti achokera kwa Abiti Omari? Izi ndaphula pompano. Tonse kuno timatero, timateleka mphika wapakhomo ndi mphika wa foni."

"Nanga zotsala zenizenizo, azakhali?" anafunsa Karima.

"Timataya kudzala, mwanangu. Monga kale."