Fani Inavutitsa Tsiku Lokatenga Khanda

Panali munthu wina, telala, amene mkazi wake anachira mwana woyamba. Anamulonjeza kuti tsiku lotuluka m'chipatala adzamutenga pa galimoto yawo, osati pa minibasi.

Kutatsala tsiku limodzi, makaniko wa pafupi ndi shopu yake anamva galimotoyo ikulira pabwalo. Anasuzumira, n'kumuuza kuti fani yoziziritsa injini sikuzungulira, ndipo anadzipereka kuti aione pompo. Telala anati alibe nthawi, akumalizitsa timalaya ta mwana. M'malo mwake anakaithamangitsa pamsewu waukulu. Kamuvi koonetsa kutentha sikanakwere, iye n'kubwerera akuseka.

"Achimwene, galimoto yanga ilibe malungo."

Makaniko anamufotokozera kuti ikamathamanga imazizira ndi mphepo, vuto limaoneka ikaima. Telala anali atayamba kale kupalasa makina.

M'mawa mwake ananyamula apongozi ake, mayi a mkazi wake, n'kunyamuka. Asanafike patali, magalimoto anathithikana, osasuntha. Kamuvi kanakwera mpaka pofiira. Apongozi anafunsa mwaulemu ngati fungo lakupsalo likuchokera panja. Telala asanayankhe, nthunzi inayamba kufuka kutsogolo.

Anaimika pambali, natsegula boneti. Akuti agwire chivundikiro cha rediyeta, wina anamugwira mkono. Anali mayi woyendetsa galimoto ya buledi, amene anaima kumbuyo kwawo.

"Chotsani dzanjalo, bambo. Madziwo akuwira, akusendani nkhope."

Anawauza kuti adikire injini izizire. Podikirapo anayala katoni pamthunzi kuti apongozi akhalepo. Atamva kumene akupita, anaimbira abwana ake kuti buledi achedwa pang'ono. Kenako anatsegula kabokosi ka mafyuzi, napeza kuti ya fani yapsa. Yatsopano anaitulutsa m'kachikwama kake, pakati pa makiyi ndi maswiti.

Injini itazizira, anawonjezera madzi n'kuiliza. Patapita kanthawi fani inayamba kuzungulira. Apongozi anaomba m'manja ngati ali kutchalitchi. Mayi uja anawalangiza kuti akaionetsebe kwa makaniko, chifukwa fyuzi siipsa popanda chifukwa. Telala anaweramitsa mutu. Anafunsa dzina lake, koma mayiyo anangoti akam'psompsonere mwana, n'kumapita.

Anafika kuchipatala atachedwa ndi maola awiri. Mkazi wake anali pabenchi, khanda lili m'manja. Anamwino anali atamuuza kawiri kuti angokwera takisi, iye n'kukana. Telala anayamba kupepesa, koma apongozi anali atamulanda kale nkhani, akufotokoza zonse mpaka misozi ya kuseka. Mkaziyo anapatsira mwamuna wake mwana.

"Ndinawauza anamwino kuti mubwera ndithu," anatero. "Tsiku lokha ndi limene sindinatchule."

Phunziro: Wodziwa ntchito akakuchenjezani, m'patseni mphindi khumi zokha. Injini ikatentha, imani, ndipo musatsegule rediyeta isanazizire. Tumizirani ena uthengawu, makamaka achimwene athu amene amati galimoto yawo amaidziwa okha.