Payi Imene Inapinda Mpeni

Panali munthu wina, mmisiri womanga nyumba, amene anzake ankamutcha Chimanja. Nkhaniyi ndi yoona, anaifotokoza ndi amene anadya nawo tsikulo.

Mkazi wake anali atangobereka mwana woyamba. Tchuthi cha kumapeto kwa chaka chitayandikira, apongozi ake anatumiza uthenga kuti akubwera kudzatenga mwana wawo ndi mdzukulu, akakhale nawo mwezi wathunthu, poti mwamuna wodziwa njerwa zokha sangasamale mayi wa khanda. Chimanja zinamuwawa. Mwezi wonse osanunkhiza kamutu ka mwana wake?

Analumbira kuti awaonetsa. Chaka chilichonse mkazi wake ankawaphikira mayi akewo payi ya maapozi. Ulendo uno wophika akhala iyeyo, kuyambira chigoba chake chakunja cha fulawa ndi batala, chimene chimayenera kunyenyeka mkamwa ngati sichinaliko.

Mkaziyo anakhala pakhomo la khitchini akuyamwitsa, n'kumuponyera ndagi.

"Abambo, tandimasulireni iyi. Chimafuna kuzizira chisanakumane ndi moto, ukachigwiragwira chimauma mtima. N'chiyani?"

"Amayi anu."

Mkaziyo anaseka mpaka mwana anasiya bere. Kenako anamuuza kuti yankho ndi mtanda wa payi. Batala achoke mufiriji ali gwa, amudule tizidutswa, amutikite mufulawa ndi nsonga za zala zokha, timibulu tizioneka. Madzi akhale ozizira, azithira ndi supuni. Asakande. Mtandawo upume mufiriji asanauyale.

Mwana anayamba kusinza, mayi anapita kukamugoneka.

Chimanja anayamba monga anauzidwa, kenako anayang'ana m'mbale, timibulu ta batala tikumuyang'ananso. Zaka khumi ndi ziwiri akuponda matope a simenti, panalibe kapitawo amene anamupezapo ndi mbulu ngakhale umodzi. Ayambe lero, pamaso pa apongozi? Anasungunula batala wina mupoto, n'kuthira. Anawonjezera madzi ofunda. Anapinda malaya n'kukanda, n'kukandanso, mpaka mtanda unasalala ngati pulasitala. Zoupumitsa anati ndi za aulesi. Anauyala ndi botolo, ataona kuti wapyapyala anaupinda pawiri, chifukwa khoma lopyapyala silichedwa kugwa.

Payi inatuluka muuvuni yofiirira bwino, yowongoka mbali zonse. Chimanja anaijambula n'kutumizira anzake.

Apongozi anafika masana ndi mwana wawo wamwamuna, atanyamula chikwama chopanda kanthu chodzalongezamo zovala za khanda. Atatha kudya, Chimanja anabweretsa payi monyadira. Anaika mpeni, mpeni unaterereka. Anakanikiza ndi manja awiri, mpeni unapindika. Mlamu wake anafunsa ngati akabwereke sowo kwa aneba.

Apongozi anatenga supuni n'kugogoda pamwamba, go! go! go!

"Odi kuno. Muli anthu m'nyumba muno?"

Mkazi wa Chimanja anabisa nkhope kumbuyo kwa mwana, mapewa akugwedezeka. Denga la payi lija analiboola ndi hamala ya Chimanja, n'kudya maapozi ndi masupuni. Kunena zoona anali okoma.

Apongozi anafunsa amene anakanda mtandawo. Chimanja anavomera ali zyoli, n'kuululanso kuti anauzidwa zonse koma anaona ngati akudziwa kuposa. Mtima unali kale pa chikwama chija.

Mayiwo anayang'ana matewera oyera mbee ali pachingwe panja. Mkazi wa Chimanja anati amene amachapa ndi abambo a mwana, tsiku lililonse asanapite kuntchito. Apongozi anayang'ananso zimanja za mkamwini wawo.

"Mwana wanga sindimutenganso," anatero. "Mtima muli nawo, bambo. Manjawa ndiye sanaphunzire. Ndikhala ine konkuno."

Chikwama chija chinabwerera ndi mlamu kukatenga zovala za apongozi. Sanakhale mwezi umodzi, anakhala itatu. Loweruka lililonse ankamunyikitsa manja m'madzi ozizira, iwo ali pampando ndi supuni, akangoyamba kukanda, kho! pa chala.

Chigoba chija sanachitaye. Chili pakhonde, anakhazikapo mphika wa maluwa. Mvula yagwa kawiri, sichinang'aluke.

Phunziro: Kudziwa ntchito yako sikudziwa ntchito zonse. Wokuuza njira umumvere ngakhale ali ndi mwana m'manja, ndipo mphamvu uzisungire pamene zikufunika. Tumizirani onse amene akukonzekera zophika za tchuthi, makamaka akamwini, apongozi asanafike ndi chikwama.