Chitsamba cha a Gwaza

Lamulo linali lakuti aliyense wodwala matenda ofoola minofu apatsidwe chitsamba chimodzi cha mankhwala, chibzalidwe pakhomo pake ndipo chisazulidwe. Masambawo akathyoledwa, madzi ake ankatha mphamvu pakangopita maola anayi. Choncho anthu a m'mudzi wa Kanyenda atasamukira m'tauni, a Lufeyo Gwaza, omwe ankadwala matendawa, anatsala okha ndi chitsamba chawo.

Anazolowera. Mbale anazitsitsira pansi, madzi ankatungira m'tizigubu, ndipo pachitseko anamangapo chingwe chokokera ndi chigongono. M'mawa uliwonse ankasinja masamba asanu, muyeso wa tsiku limodzi popeza chitsambacho sichinkaphuka oposa pamenepo, n'kumwa, kenako n'kudikira kuti manja adzuke.

Lachinayi mwana wawo Ndaziona anaimba foni.

"Bambo, ukwati wanga uja ndi Loweruka. Sizingatheke kubwera ngakhale tsiku limodzi lokha?"

"Ulendowo ndi wa tsiku lathunthu, mwanangu. Ndingafike nditalobodoka, anthu n'kusiya kuvina kuti azinyamula ine."

Ndaziona anati, "Ndidzaika foni patebulo pathu. Musadzadule."

Loweruka a Gwaza anamwa masamba a tsikulo ndi a mawa lake omwe, akudziwa kuti Lamlungu adzalephera ngakhale kunyamula kapu. Anavala jekete, akulimbana ndi batani lililonse, n'kukhala pakhonde foni ili pamwendo. Anamva nthungululu, anamvanso abusa akutchula dzina la mwana wawo. Anthu ataomba m'manja, nawonso anaomba mwamphamvu mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Anapitiriza kuomba ngakhale kumeneko anali atasiya kale.