Mlatho wa Kangaude

Padangokhala, kalekale tizilombo tisanaphunzire kuthokoza, Kangaude anaona nyerere zikukokoloka pa kamtsinje. Zinamumvetsa chisoni, ndipo analuka mlatho wa ulusi. "Aliyense aziwoloka ulere," anatero, "ndipo wofuna kuthandiza abwere tilukire limodzi."

Zaka zinapita. M'mawa uliwonse ankasoka pong'ambika ali yekhayekha. Owoloka anachuluka, koma wothandiza sanaoneke.

Tsiku lina anadwala, mlatho n'kuduka. Khamu linafika pakhomo pake, Chiwala ali patsogolo.

"A Kangaude, ulesi wanji umenewu? Ana anga atsala tsidya lija! Komanso mlatho wanuwo ndi wopapatiza, takhala tikunena."

Kangaude anadzuka n'kutola nsonga ya ulusi. "A Chiwala, mwaudula ndinu ndi kulumphalumpha kwanuko. Gwirani nsonga iyi tilumikize."

"Aaa, ine zolukaluka sindidziwa. Ndi ntchito yanu imeneyo."

"Ntchito yanga? Anandilemba ndani? Ulusi mumapondawo umachokera m'mimba mwangamu, koma palibe anandifunsapo ngati ndadya!"

Kenako Nyerere anasendera pafupi mwaulemu, Kangaude n'kuganiza kuti mnzake wapezeka.

"Pepani kwambiri, a Kangaude. Ndiye mukonza liti?"