Udzu Pamwamba pa Malata

Chiyambireni kandege ka chithandizo kujambula madenga n'kumaponya chimanga pa nyumba zaudzu zokha, gogo Nasibeko anafoleretsa udzu pamwamba pa malata awo.

"Nsapato osavala panja, ndiponso osanenepa! Kamaona kameneko," ankachenjeza motero.

Mwatsoka, kanabwera tsiku lomwe akuchimuna anadzafunsira mdzukulu wawo Ndaziona. Gogo mtima unali m'mwamba: akaulula malata, chimanga chapita, akabisa, mkamwini athawa umphawi.

Atsibweni a mnyamatayo anayang'anitsitsa denga, kenaka n'kuligogoda ndi ndodo. Ngwee!

Gogo anaponya maso kumwamba, kuli kandege.

"Musaope, agogo," atsibweniwo ananong'ona, kandege kakulira pamutu. "Malata abwino awa, ngati athu. Tiyeni tikhale pansi, tigwire tsaya, katijambule."